Makina a Lathe Pakhomo: Kuwakhazika, Kuwayesa ndi Kuwakonza Akavuta

Kabukuka talembera mabanja a ku Nkwali, Mfuwe ndi midzi ina ya m'boma la Mambwe amene agula makina ozunguza mtengo, aja amisiri amawatchula kuti lathe, kapena akusunga ndalama kuti awagule. Makinawa amagwira mtengo n'kumauzunguza, mmisiri n'kumausema ndi chizulo uli chizungulire. Miyendo ya tebulo ndi ya bedi, mipini ya zida, timitondo tosinjira tsabola, mbale za mtengo ndi zoikapo makandulo zimene alendo odzaona nyama ku South Luangwa amagula, zonsezi zimatha kutuluka pa makina amodzi omwewa. Za lathe yopala zitsulo sitikambapo, imeneyo ndi ntchito ina.

Bwanji osangolumikiza ku magetsi n'kuyamba?

Munthu akatsitsa bokosi pa galimoto yochokera ku Chipata, mtima umakhala uli dyokodyoko. Anansi abwera, ana azungulira, aliyense akufuna kuona makina akulira. Apa ndi pamene ambiri amawonongera chuma chawo.

Taganizirani chipika chotambalala masentimita 30 chikuzungulira ka 1,400 pa mphindi. M'mphepete mwake mumakhala mukuthamanga pafupifupi makilomita 80 pa ola. Chikasweka kapena kuchoka pamalo pake, chimene chikubwera kumaso kwanu chili ngati mwala woponyedwa kuchokera pa galimoto yothamanga. Ndipo mwa madandaulo amene timamva akuti "makinawa anandigulitsa akufa", ambiri gwero lake ndi zinthu zinayi zokha: pansi posakhazikika, magetsi ofooka, chizulo chobuntha ndi mtengo wosasankha bwino. Makina enieniwo kawirikawiri amakhala alibe mlandu. Choncho patulani masiku awiri okhazika ndi kuyesa musanalandire oda ya munthu aliyense.

Ziwalo zofunika kuzidziwa

- Njanji: zitsulo zazitali zimene zonse zimakhalapo.
- Mutu: mbali ya kumanzere kumene kuli shafti yozungulira, mapule ndi lamba. M'kabuku ka fakitale amalemba kuti headstock.
- Mchira: mbali ya kumanja imene imayenda pa njanji n'kukanikiza mtengo ndi msonga yake. Imeneyo ndiyo tailstock.
- Mtsamiro: chitsulo chimene chizulo chimagonera posema, tool rest.
- Mano: kachitsulo kamano kolowa m'shafti, kamene kamaluma mtengo kuti uzungulire.
- Mbale yachitsulo yokhala ndi mabowo a masikuluwu, yogwirira chipika chimene mukufuna kusema mbale.

Malo

Chigwa chathu cha Luangwa chili ndi zovuta zake zimene wolemba kabuku ka fakitale sanaziganizire. Dothi lakuda lamakande lija limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma mvula ikagwa, kotero makina amene munawalinganiza mu Julayi mudzawapeza atapendekeka mu Febuluwale. Madzi nawonso sakhala ndi ulemu. Amene analipo mu 2007 akukumbukira mmene Luangwa anasefukira. Sankhani malo okwera, thirani konkire yokhuthala masentimita 10 kapena kuposa, ndipo muikweze pamwamba pa dothi lozungulira. Isiyeni sabata yathunthu mukuithira madzi musanaikepo makina.

Shedi ikhale yofolera bwino koma yopita mphepo, chifukwa mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mota imavutika monga momwe inu mumavutikira. Kuwala kuzifika pa mtengo kuchokera kutsogolo kapena pamwamba. Kumene mtengo ungaulukire ukachoka, kutsogolo ndi kumbuyo kwa makina, kusakhale khomo, njira ya kuchitsime kapena bwalo losewerera ana. Musayandikize makina ku khitchini ya udzu: utuchi wouma ndi moto sizionana.

Kutalika kwake kuyezeni ndi thupi lanu. Mukaima chilili, msonga ya shafti ikhale pa msinkhu wa chigongono chanu. Akafupika mudzadwala msana, akatalika chizulo simudzachilamulira. Ngati tebulo mukukhoma nokha, likhale lolemera, miyendo yotakasuka, ndi thabwa pansi poikapo matumba awiri kapena atatu a mchenga. Mchenga kuno sitigula, ndipo palibe chimene chimatontholetsa makina onjenjemera kuposa iwo.

Magetsi

Werengani kachitsulo kolembedwa pa mota musanachite china chilichonse. Magetsi a ZESCO a m'nyumba ndi 230V, 50Hz. Ngati palembedwa 110V kapena 120V, makinawo anapangidwira ku America ndipo mukawalumikiza mwachindunji apsa nthawi yomweyo, amafuna thiransifoma. Ngati palembedwa 380V kapena 400V, amafuna magetsi a mawaya atatu a kumafakitale, amene m'nyumba zambiri mulibe. Izi n'zofunika kuziona muli m'sitolo, ndalama zili m'thumba.

Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira. Gulani soketi yake kapena sinthani pulagi yonse. Kudula pulagi n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi ndi njira yachidule yopitira kumanda. Waya wa ethi, wobiriwira ndi wachikasu uja, uzilumikizidwa nthawi zonse, chifukwa makina onse ndi chitsulo ndipo m'dzinja mumaima ponyowa. Itanani wodziwa zamagetsi kuti akuikireni soketi m'shedi ndi waya wa 2.5mm. Chingwe chopyapyala cha wailesi chotalika kuchokera m'nyumba chimadya mphamvu panjira, mota n'kumangong'ung'udza.

Mota ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda. Ndiye ngati mota yanu ndi ya 750W, imene ena amati hosipawa imodzi, jenereta yake ikhale ya 2,000W kapena kuposa. Tijenereta tating'ono toonera mpira sitingaidzutse. Invata ya sola yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni nayonso musaiyese n'komwe.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchinena mobwereza. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankapita maola ochuluka tsiku lililonse n'kumabwera nthawi imene munthu sakuyembekezera. Yesani switchi ya makina anu motere: ayatseni opanda mtengo, zimitsani pa khoma, kenako yatsaninso pa khoma. Ngati makina akhala chete mpaka mutadina batani lobiriwira, muli ndi switchi yabwino. Ngati adzuka okha, ndiye kuti tsiku lina malaiti adzabwera usiku, kapena mwana ali pafupi, makina n'kuyamba kuzungulira popanda munthu. Sinthitsani switchi yoteroyo, ndipo pakali pano muzizula pulagi malaiti akangopita.

Kukhazika makina, chimodzi ndi chimodzi

1. Tsegulani bokosi, yalani zonse pa mphasa ndi kuziwerenga motsatira kabuku. Chosowa chinenedwe kwa wogulitsa sabata yomweyo, lisiti lili m'manja.
2. Pukutani girisi womata wa kufakitale ndi kansalu konyowetsa ndi palafini. Mukamusiya amasakanikirana ndi fumbi n'kukhala phala, mchira osayendanso. Mukatha pakani phula la njuchi kapena la kandulo pa njanji.
3. Pukutaninso m'bowo la shafti ndi la mchira. Kautuchi kamodzi m'menemo n'kokwanira kupotoza msonga.
4. Nyamulani anthu awiri kapena atatu, ikani pa tebulo, lowetsani mabawuti koma musamange kaye.
5. Ikani levulo pa njanji, m'litali ndi m'mimba mwake, kumutu ndi kumchira. Pamene patsika ikani tizidutswa ta lata pansi pa phazi. Kenako mangani mabawuti pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Mukamanga mbali imodzi mpaka kumapeto njanji imapotoka.
6. Lowetsani mano kumutu ndi msonga kumchira. Kankhani mchira mpaka nsonga ziwirizo zitatsala pang'ono kukhudzana, n'kuumanga. Yang'anani kuchokera pamwamba ndi cham'mbali. Zipsompsonane ndendende. Zikaphonyana, bwererani ku sitepe 3 ndi 5, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala fumbi kapena phazi limodzi lolendewera.
7. Pulagi ili kunja, tsegulani chivundikiro cha lamba. Mapule akhale pa mzere umodzi ndipo timasikuluwu towagwira ku shafti tikhale tolimba. Dinikizani lamba pakati ndi chala: alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wolimba kwambiri amapha mabering'i, wolobodoka amaterereka.
8. Ikani lamba pa liwiro lotsikitsitsa, ndiko kuti pa pule yaing'ono ya mota ndi pule yaikulu ya shafti. Zunguzani shafti ndi dzanja. Iyende mosalala, popanda kukhula paliponse.
9. Tsekani chivundikiro, imani cham'mbali, yatsani popanda mtengo. Mbali ya pamwamba ya shafti izizungulira kubwera kwa inu. Asiyeni ayende mphindi khumi.

Pa kuyesa kumeneku ikani kapu ya madzi pa njanji. Madzi akamangochita timizere ting'onoting'ono, zili bwino. Kapu ikayamba kuyenda yokha kapena madzi kudumpha pamene mtengo mulibe, zimitsani ndi kuona mapazi, mapule ndi mabawuti a mota. Mukatha gwirani pa mutu ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwachibadwa. Kutentha koti dzanja simungalisiyepo si kwabwino.

Liwiro

Mtengo ukakula, liwiro lichepe. Njira yosavuta ndi iyi: tengani 15,000 n'kugawa ndi kutambalala kwa mtengo m'masentimita.

- Masentimita 10: ka 1,500 pa mphindi
- Masentimita 20: ka 750
- Masentimita 30: ka 500

Manambalawa ndi a mtengo umene wabulungira kale. Wamakona kapena wolemera mbali imodzi uyambe pa liwiro lotsikitsitsa. Apa pali phunziro kwa amene agula makina aang'ono: ngati liwiro lotsikitsitsa la makina anu ndi 750, mbale yoposa masentimita 20 si yanu, ngakhale chipika chake chikukwana pa makinapo.

Mtengo wake

Pophunzira yambani ndi mango kapena malaina. Ndi yofewa, imapezeka pakhomo, ndipo ukalakwitsa sulira. Mukwa, umene ena amati mlombwa, ndi wabwino pa mipando chifukwa suchita kupindika kwambiri ukamauma. Mupani, kapena kuti tsanya, ndi nkhani ina. Umatuluka wokongola, wofiirira ndi wosalala ngati galasi, chiswe sichiufuna, koma ndi wouma ndiponso wolemera kwambiri. Chizulo chimabuntha m'mphindi zochepa, ndipo chipika chake chikapendama pang'ono makina aang'ono amavina. Usiyeni kaye mpaka manja atazolowera. Mwavi musasemere mbale kapena chilichonse chokhudza chakudya.

Chipika chilichonse chiyang'aneni bwino musanachikweze. Chokhala ndi mng'alu, mfundo yogwedera kapena chofumbwa, chipite ku nkhuni. Khungwa lotayirira lichotseni ndi nkhwangwa. Kuno kuchigwa onaninso waya: mitengo ina inamangidwapo misampha kalekale ndipo waya analowa m'kati mtengo n'kumukwirira, pamene mango a pakhomo amakhala ndi misomali ya chingwe choyanikira zovala. Mtengo wokokoloka ndi madzi umakhala ndi mchenga m'ming'alu, ndipo mchenga ndi chizulo ndi adani.

Za chilolezo tisabisane. Tili m'dera la Lupande, loyang'anizana ndi paki, ndipo kutsidya kwa mtsinje sikutengedwa kanthu, ngakhale mtengo wogwetsedwa ndi njovu. Kuno kumudzi, kudula mitengo yachilengedwe kuti mugulitse kumafuna chilolezo motsatira lamulo la nkhalango la 2015. Yambirani kwa anyakwawa, kenako ku ofesi ya za nkhalango ya boma la Mambwe, akuuzeni mitengo yololedwa ndi yoletsedwa. Mtengo wa mukula umene unavutitsa anthu ambiri zaka zapitazi musaugwire musanafunse. Ubwino wa lathe ndi woti imadya zidutswa: zotsala kwa ocheka matabwa ndi nthambi zimene ena akanaotcha makala zimakwanira timbale ndi mipini yambiri.

Mtengo wauwisi umasemeka mosavuta koma umang'ambika ukamauma, makamaka m'mphepo youma ya Ogasiti ndi Seputembala. Ng'ambani chipika pakati kuti mtima wake uchoke, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Semani mbale mwachisawawa, khoma lake likhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kutambalala kwake: mbale ya masentimita 20, khoma masentimita awiri. Pakani phula kapena penti yotsala kumene mitsempha ya mtengo yathera, ikani m'thumba la pepala pamodzi ndi utuchi wake, sungani pamthunzi miyezi ingapo. Ikauma mudzaibwezere pa makina n'kuimaliza.

Kusema koyamba

1. Tengani mtengo wowongoka wa masentimita 5 m'mimba ndi 30 m'litali. Lembani mizere yopingasa kumapeto konse kuti mupeze pakati.
2. Khomerani mano ndi chibonga cha mtengo muli pansi, osati pa makina. Kumenya shafti kumawononga mabering'i.
3. Kwezani, kanikizani ndi mchira, mangani zogwirira zonse.
4. Sendezani mtsamiro pafupi, mpata wa theka la sentimita, m'munsi pang'ono mwa pakati pa mtengo.
5. Zunguzani mtengo ndi dzanja kamodzi kathunthu kuti muone ngati kona ikugunda mtsamiro. Chitani zimenezi nthawi iliyonse, ngakhale mutakhala mmisiri wa zaka makumi awiri.
6. Imani cham'mbali poyatsa.
7. Chizulo chiyambe chagona pa mtsamiro chisanakhudze mtengo. Chogwirira chikhale chotsika, cha m'chiuno. Khudzitsani kaye chidendene, malo opendekeka amene mumanola aja, kenako kwezani chogwirira pang'onopang'ono mpaka chiyambe kudya.

Chikamadya bwino mudzaona zopalidwa zazitali zopotana zikuuluka paphewa panu ngati makoko a chinangwa, ndipo phokoso la "kha-kha-kha" la makona lidzasanduka kamluzu kosalala. Chikamatulutsa fumbi lokhalokha pa mtengo wofewa, pitani mukanole. Semani kuchokera ponenepa kupita powonda. Mpata ukakula, zimitsani makina musanasendeze mtsamiro. Pokhula ndi sandipepa chotsani mtsamiro wonse, chifukwa chala chikalowa pakati pa mtsamiro ndi mtengo sichituluka chathunthu.

Akavuta

*Sakulira n'komwe.* Onani ngati malaiti alipo, fyuzi ya m'pulagi, batani lofiira ngati linatsalira m'kati, ndi chivundikiro cha lamba. Makina ena sayaka chivundikiro chikapanda kutsekeka bwino.

*Mota ikung'ung'udza koma osazungulira.* Zimitsani msanga, ikapitirira masekondi ochepa imapsa. Zulani pulagi, chotsani lamba, yesani mota yokha. Ikayenda, chinachake chagwira shafti kapena mchira mwakanikiza mopitirira. Ikakanabe, ganizirani magetsi ofooka, makamaka madzulo pamene aliyense wayatsa mbaula ya magetsi. Yesani m'mawa ndi chingwe chachifupi. Zikakanika ndiye kuti kapasita, kachitini kali pambali pa mota, yafa, kapena kaswitchi ka m'kati mwa mota kadzaza utuchi. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi ili kunja, choncho isiyireni wodziwa. Pokagula ina tengani yakaleyo kuti manambala afanane.

*Mota ikutentha n'kuzima yokha.* Yang'anani m'mabowo olowera mphepo. Mavu aja omata zisa zadothi amakonda m'menemo, ndipo makina akakhala milungu iwiri osagwira ntchito mumapeza atseka. Mu Okutobala ndi Novembala semani m'mawa, masana mota ipume.

*Akunjenjemera.* Chotsani mtengo n'kuyatsa. Akatonthola, vuto ndi mtengo: tsitsani liwiro, sadzani makona ndi nkhwangwa kapena sowo. Akapitiriza, ndi mapazi, pule yomasuka kapena lamba wotha mbali imodzi. Mmisiri wina amene tinamuyendera anali atakonzeka kale kubweza makina ake ku Lusaka chifukwa ankayenda okha m'shedi. Titagwada tinapeza phazi limodzi lili m'malere, mpata wokwana ndalama yachitsulo. Kachidutswa ka lata ndi matumba awiri a mchenga zinathetsa mlandu umene ukanadya ndalama ya basi yopita ndi kubwera.

*Mtengo ukuima pamene mota ikuyenda.* Mano akumba dzenje n'kumangozungulira, kapena lamba akuterereka. Chekani timipata topingasa ndi sowo kumapeto kwa mtengo kuti mano alowe bwino. Lamba akhale wouma, wopanda oyilo.

*Chizulo chikulumidwa n'kukankhidwa.* Mwalowetsa msonga chidendene chisanakhudze, kapena mtsamiro uli kutali. Chizulo chachikulu chokumbika chochotsera makona ndi cha mitengo yaitali yokha. Pa mbale chimalumidwa moopsa ndipo chimatha kuthyokera m'khosi.

*Pamwamba pakutuluka mizere ngati malata.* Mtengo ndi wautali ndi wowonda, ukupindika pakati. Masulani mchira pang'ono, nolani chizulo, dyani pang'onopang'ono.

*Kumchira kukutuluka utsi.* Msonga yanu ndi yosazungulira. Pakanipo phula kapena gulani yokhala ndi bering'i.

*Kulira kwa "gwe-gwe" kumutu.* Gwirani shafti n'kuigwedeza. Ikamasewera, mabering'i atha. Nambala yake imalembedwa m'mphepete mwa bering'i, ndipo ndi nambala imeneyo ogulitsa zida za galimoto ndi zigayo ku Chipata angakuthandizeni kufufuza.

Zolakwa zimene timaziona kawirikawiri

Choyamba ndi kusula chizulo kuchokera ku fayilo yakale. Chitsulo cha fayilo n'chouma ngati galasi ndipo chikalumidwa chimathyoka n'kuuluka. Ngati ndalama ya zizulo zogula palibe, wosula waluso akupangireni kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, chogwirira chikhale chachitali ngati mkono. Ponola zoterezi viikani m'madzi pafupipafupi. Msonga ikachita buluu yapsa, sigwiranso.

Chachiwiri ndi zovala. Magolovesi ayi. Malaya a manja aatali apindidwe, chitenje chimangidwe kumbuyo, tsitsi ndi mikanda zibisidwe, mphete ivulidwe. Nsalu yopakira mafuta isakulungidwe ku chala. Gwiritsani kachidutswa kakang'ono koti makina akakalanda kangopita kokha.

Chachitatu ndi kunyozera maso ndi mapapo. Magalasi a dzuwa sateteza kanthu. Gulani chishango cha pulasitiki chophimba nkhope yonse, ndi chotchinga mphuno pokhula ndi sandipepa. Fumbi la mitengo yolimba limayambitsa chifuwa ndi zidzolo, ndipo mwana wa kumbuyo asakhale m'shedi nthawi imeneyo. Mowa ndi makinawa sizigwirizana ngakhale pang'ono.

Wina akavulala, zimitsani pa khoma, kanikizani bala ndi nsalu yoyera n'kukweza dzanjalo m'mwamba. Kanthu kakalowa m'diso musatikite kapena kukazula; phimbani diso n'kuthamangira ku chipatala cha Kakumbi kapena cha Kamoto.

Kasamalidwe

Mukaweruka sesani utuchi pa njanji ndi pa mota, zulani pulagi, ikani zizulo pamene ana sangafike. Utuchi usagone pansi pa tebulo chifukwa umaitana chiswe; kauthireni ku khola kapena ku dzenje la manyowa. Sabata iliyonse onani mabawuti, lamba, ndi chingwe ngati makoswe sanachilume. Mvula isanayambe mu Novembala pakani phula pa njanji ndi m'mabowo a shafti, ndipo vundikirani ndi nsalu kapena chiguduli, osati pulasitiki, imene imasunga chinyezi n'kubweretsa dzimbiri. Mvula ikatha mu Epulo, alendo asanayambe kuchuluka, ikaninso levulo pa njanji ndi kuyesanso nsonga ziwiri zija.